Kulimbitsa thunthu la thupi kwa osambira pa mpikisano: malangizo a masabata 12

Mukaima m'mbali mwa dziwe losambirira n'kuyang'anitsitsa munthu amene watsala ndi mamita 25 kuti amalize mpikisano wa mamita 200, kawirikawiri mudzaona kuti chimene chimayamba kugonja si manja, koma chiuno. Chimamira pang'ono, mwina ndi zala zitatu zokha, kenako msana umapindika cha pamwamba pa matako, miyendo n'kuyamba kulendewera, ndipo munthu amene analowa m'madzi atawongoka ngati bango amafika pakhoma akukoka thupi lake ngati ukonde wonyowa. Manja akupalasabe, miyendo ikumenyabe madzi, koma mphamvu yonseyo ikutayikira pakati pa thupi. Lita imodzi ya madzi imalemera kuwirikiza pafupifupi ka 800 kuposa lita imodzi ya mpweya, n'chifukwa chake kupindika pang'ono kwa thupi, kumene wothamanga pamtunda sangakumve n'komwe, kumamudyera wosambira nthawi yambiri. Ndipo pamasewera awa nthawi imawerengedwa mopanda chifundo: pa masewera a Olimpiki a ku Beijing mu 2008, Michael Phelps wa ku America anapambana Milorad Čavić wa ku Serbia pa mpikisano wa butterfly (kusambira koponya manja onse awiri kutsogolo nthawi imodzi) wa mamita 100 ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a sekondi.

Achinyamata ambiri amene amandifunsa za masewera olimbitsa mimba amakhala ndi china m'maganizo mwawo. Amafuna mimba yogawikana timagawo, imene aliyense amaitchula kuti six pack, ngati ya akatswiri amene amawaona pa kanema. Sindiwadzudzula, pakuti palibe cholakwika kufuna kuoneka bwino, koma ndimawauza mosabisa kuti mimba yooneka ndi thunthu lolimba ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo amene wathamangira choyambacho n'kuiwala chachiwiricho amabwerera m'mbuyo pa kasambiridwe kake. Malangizo awa ndawasanja motsatira zimenezo: tiyamba ndi mphamvu imene imagwira ntchito m'madzi, ndipo za maonekedwe tikamba pambuyo pake.

Ndikamati thunthu ndikutanthauza gawo lonse la thupi kuyambira m'munsi mwa nthiti mpaka m'chiuno ndi matako. Mnofu wa kutsogolo umene umaoneka timagawo uja ndi umodzi chabe mwa minofu yambiri ya m'gawoli. M'mbali mwake muli minofu yoyenda mopendekera imene imatembenuza thupi komanso kuliletsa kutembenuka mopitirira. Mkati mwenimweni muli mnofu umene umazungulira mimba ngati lamba. Kumbuyo kuli minofu yoyenda m'mbali mwa fupa la msana. Pamwamba pali mnofu waukulu wopumira umene uli pansi pa mapapo. Ndipo pansi pali minofu ya m'chiuno ndi matako. Wosambira alibe nthaka yopondapo. Chifuwa chake chimayandama chifukwa cha mpweya wa m'mapapo, pamene kulemera kwa thupi kuli cha m'chiuno, choncho miyendo imafuna kumira nthawi zonse, ndipo chimene chimagwirizanitsa mbali ziwirizi kuti zikhale mzere umodzi ndi minofu imeneyi. Wopalasa bwato amadziwa kuti mphamvu ya nkhafi imayendetsa bwato chifukwa chakuti bwatolo ndi lolimba. Likanakhala lofewa ngati mkeka, akanapalasa tsiku lonse osafika kutsidya.

Choyamba: dziyeseni musanayambe

Tengani kope, ndipo tsiku limene simunatope kwambiri mudziyese zinthu zinayi. Gonani chafufumimba, mudzikweze pa zigongono ndi pa zala za kumapazi, thupi lili mzere umodzi, ndipo mnzanu awerenge masekondi mpaka pamene chiuno chayamba kugwa kapena kukwera. Masewera amenewa amatchedwa plank. Chitani chimodzimodzi mutagona cham'mbali pa chigongono chimodzi, mbali zonse ziwiri, ndipo mulembe nthawi ya kumanja ndi ya kumanzere payokhapayokha, chifukwa wosambira amene amapumira mbali imodzi yokha kawirikawiri amapeza kuti mbali ina ndi yofooka. Chachitatu, gonani chagada, mutambasule manja pamwamba pa mutu, dzanja lina pamwamba pa linzake monga mumachitira mukadzikankha pakhoma, ndipo mnzanu ayese kulowetsa dzanja lake pansi pa msana wanu cha m'chiuno. Dzanjalo likalowa mosavuta mpaka kutulukira mbali ina, ndiye kuti mukatambasula manja msana wanu umapindika, ndipo umapindikanso chimodzimodzi m'madzi ngakhale inu simukumva. Chomaliza mukachichitire m'dziwe: dzikankheni pakhoma, muyende mamita 15 pansi pa madzi ndi dolphin kick (kumenya madzi ndi miyendo yonse iwiri pamodzi, thupi likuyenda ngati funde), mphunzitsi wanu alembe nthawi ndi kuchuluka kwa mamenyedwe a miyendo. Manambala amenewa ndi amene adzakuuzeni zoona pakatha masabata 12, osati galasi lodziyang'anira.

Chachiwiri: phunzirani kumangitsa mimba uku mukupuma

Gawo ili ndi limene ambiri amalidumpha chifukwa silitulutsa thukuta, komabe zonse zotsatira zakhazikika pa ilo. Gonani chagada, mawondo opinda, mapazi pansi. Ikani zala m'mbali mwa mimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno. Pumirani mkati kudzera m'mphuno kuti zalazo zikankhidwire kunja, kenako tulutsani mpweya pang'onopang'ono kudzera m'kamwa mpaka mumve nthiti za m'munsi zikutsika. Zikatsika, limbitsani mimba monga mungachitire munthu akafuna kukugundani pamimba, koma osaikokera mkati ndiponso osagwira mpweya. Mukhale choncho masekondi 10 mukupuma mwachizolowezi, mumasule, mubwerezenso ka 6.

Chovuta apa si kulimbitsa, koma kulimbitsa popanda kusiya kupuma. Wosambira amene amatha kumangitsa mimba pokhapokha atagwira mpweya amamasula thunthu lonse nthawi iliyonse imene watembenuza mutu kuti apume, ndipo pa freestyle (kusambira chafufumimba, manja akupalasa mosinthana) zimenezi zimachitika pafupifupi pa kupalasa kwachiwiri kapena kwachitatu kulikonse. Ndinaphunzitsapo mtsikana wina amene miyendo yake inkatayana ngati sizasi nthawi iliyonse akamapuma, ndipo kwa miyezi ingapo tinkalimbana ndi miyendoyo osaphula kanthu. Tsiku lina nditamuuza kuti achite plank uku akuwerenga mokweza, mawu ake anadukiza asanafike pa 5, chiuno n'kugwa. Vuto silinali m'miyendo. Kuyambira pamenepo aliyense amene ndikumuphunzitsa amawerenga mokweza akamachita masewera ogwira thupi malo amodzi.

Chachitatu: masabata 1 mpaka 4, kuphunzitsa thunthu kukana kupindika

M'masabata oyambawa muchite masewera a thunthu katatu pa sabata, mphindi 15 kapena 20 patsiku, ndipo pakati pa masikuwo pazikhala tsiku lopuma. Dongosolo lotereli lili ndi umboni: kafukufuku wina wa ku Britain amene anasindikizidwa mu 2015 anapeza kuti achinyamata osambira pa mipikisano ikuluikulu ya m'dziko lawo, amene anawonjezera masewera a thunthu katatu pa sabata kwa masabata 12, anachepetsa nthawi yawo ya mamita 50 ndi pafupifupi 2 peresenti poyerekeza ndi anzawo amene ankangosambira. Kwa munthu amene amasambira mamita 50 m'masekondi 28, kumeneko n'kuchotsa theka la sekondi, ndipo amene anaimapo pamzere woyambira mpikisano akudziwa kukula kwa theka la sekondi.

Yambani ndi masewera otchedwa dead bug. Gonani chagada, manja oloza kudenga, mawondo opinda ali m'mwamba pamwamba pa chiuno. Kanikizani msana pansi pang'ono, kenako mutambasule dzanja lamanja kumutu ndi mwendo wamanzere kumapazi panthawi imodzi, pang'onopang'ono, mukutulutsa mpweya. Msana ukangoyamba kunyamuka, mwafika pamalire anu a lero, bwererani pomwepo ngakhale chidendene chisanayandikire pansi. Chitani ka 8 mbali iliyonse, maseti 3, kutanthauza kuti mubwereze zonsezo katatu mukupuma pakati. Ndimawakonda kwambiri masewera amenewa chifukwa amafanana ndi zimene zimachitika pa freestyle ndi pa backstroke (kusambira chagada), pamene dzanja limodzi ndi mwendo wa mbali ina zikugwira ntchito thunthu lili chete.

Kenako bwerani pa plank ya kutsogolo ndi ya cham'mbali. Musapikisane ndi wotchi. Stuart McGill, katswiri wa za msana amene anagwira ntchito zaka zambiri pa yunivesite ya Waterloo ku Canada, amalimbikitsa kugwira thupi kwa masekondi pafupifupi 10 n'kubwereza kangapo, m'malo mogwira nthawi yaitali thupi litayamba kale kukhota. Chitani choncho: masekondi 10 mutalimbitsa mimba, matako ndi ntchafu mwamphamvu, masekondi ochepa opuma, mubwereze ka 5, kenako ka 3, kenako kamodzi. Mbali imene munaipeza yofooka poyesa paja muziyamba nayo, ndipo muiwonjezere seti imodzi.

Tsirizani ndi masewera awiri a kumbuyo. Gwadani pa manja ndi mawondo, mutambasule dzanja limodzi kutsogolo ndi mwendo wa mbali ina kumbuyo mpaka zifanane ndi msana, osakweza mwendo kupitirira matako, mugwire masekondi 10. Amenewa ndi bird dog, ndipo kapu ya madzi itaikidwa pamsana panu isatayike. Pomaliza gonani chagada, mawondo opinda, mukweze chiuno pofinya matako, ka 12, maseti 3. Matako ofooka amasiyira msana ntchito yonse, makamaka pa breaststroke (kusambira ngati chule) ndi podzikankha pakhoma.

Mwina mwaona kuti sindinatchule ma sit-up mazanamazana amene ambiri amayamba nawo. Sindikuti ndi oletsedwa, koma amaphunzitsa thupi kupindikira kutsogolo mobwerezabwereza, pamene wosambira amafunika kwambiri thupi lokana kupindika, ndipo ntchito yambiri pa masewerawo imagwiridwa ndi minofu ya kutsogolo kwa chiuno imene mwa osambira imakhala yotopa kale chifukwa chomenya madzi.

Chachinayi: masabata 5 mpaka 8, kutalikitsa thupi ndi kukana kutembenuka

Mukatha kuchita masewera a mwezi woyamba osagwira mpweya komanso msana osanyamuka, pitirirani. Ngati simunafike pamenepo, khalani pa gawo lakale sabata ina kapena awiri. Kalendala si imene imasambira.

Mtima wa gawo lino ndi hollow hold, masewera amene osambira anatengera kwa ochita gymnastics. Gonani chagada, msana wa m'munsi utakanikizidwa pansi, mukweze mapewa pang'ono ndi miyendo pang'ono kuti thupi lipindike ngati nthochi. Poyamba mawondo akhale opinda ndipo manja akhale m'mbali. Mukazolowera muwongole miyendo, ndipo pomaliza penipeni mutambasule manja pamwamba pa mutu, mikono itafinya makutu, monga mumakhalira mukangochoka pakhoma. Gwirani masekondi 20, maseti 4, n'kumawonjezera masekondi 5 pa sabata. Lamulo ndi limodzi lomwe lija: msana ukanyamuka, kwezani miyendo m'mwamba pang'ono kapena pindani mawondo, chifukwa miyendo ikakhala pafupi kwambiri ndi pansi, katundu amalemera kuposa mphamvu yanu. Mukamaliza tembenukani chafufumimba, manja ali chimodzimodzi, mukweze chifuwa ndi ntchafu pang'ono chabe kwa masekondi 15, maso akuyang'ana pansi. Apa cholinga n'kutalikitsa thupi, osati kulipinda ngati uta.

Wonjezerani Pallof press, yomwe inatenga dzina la John Pallof, katswiri wa za mafizo wa ku America. Mangani lamba wa labala wotanuka pa mzati, pa msinkhu wa chifuwa. Ngati mulibe wogula, chubu chakale cha njinga chimagwira ntchito bwino lomwe. Imani cham'mbali kwa mzatiwo, mugwire lamba ndi manja awiri pachifuwa, mutalikire mpaka lamba akoke, kenako mukankhe manja kutsogolo n'kugwira masekondi 3. Lambayo akufuna kukutembenuzirani kumzati, inu mukukana. Chitani ka 10 mbali iliyonse, maseti 3. Pa freestyle ndi backstroke thupi limagudubuzika uku ndi uku, mapewa kwambiri kuposa chiuno, ndipo minofu ya m'mbali ndi imene imaimitsa kugudubuzikako panthawi yake n'kukubweza. Ikafooka, chiuno chimayamba kuyenda njokanjoka ndipo wosambira amayenda mtunda wotalika kuposa anzake m'dziwe limodzi lomwelo.

Ngati pali chitsulo chopingasa cholendewerapo, lendewerani n'kukweza mawondo mpaka pachifuwa ka 8, osalola thupi kugwedezeka. Amene mapewa akuwapweteka awasiye kaye masewera amenewa, popeza mapewa a wosambira amagwira kale ntchito yaikulu.

Chachisanu: masabata 9 mpaka 12, liwiro

Potembenuka pakhoma ndi podumphira m'madzi thunthu limafunika kugwira ntchito mwadzidzidzi, ndiye m'mwezi wachitatu muwonjezere masewera achangu. Tengani mpira wolemera makilogalamu 2 mpaka 4, kapena kathumba ka mchenga kosokedwa bwino, muukweze pamwamba pa mutu n'kuumenyetsa pansi ndi mphamvu zonse, ka 6, maseti 4, mukupuma mokwanira pakati. Imani cham'mbali kwa khoma lolimba, muponyere mpirawo pakhoma mukutembenuka kuchokera m'chiuno, ka 6 mbali iliyonse. Mpira wolemera kwambiri umachedwetsa thupi n'kuwononga cholinga chonse. Hollow hold ija isandutseni yogwedezeka, thupi likupendekera kumutu ndi kumapazi losasintha maonekedwe ake, ka 15. Dead bug, plank ya cham'mbali ndi bird dog musazitaye. Zikhale zotenthetsera thupi za mphindi 5.

Chachisanu ndi chimodzi: lowetsani mphamvuyo m'madzi

Mphamvu yopezedwa pamkeka siilowa yokha m'dziwe, imafunika kuiperekeza, ndipo malo amene imaonekera kwambiri ndi pansi pa madzi. Pa masewera a Olimpiki a ku Seoul mu 1988, David Berkoff wa ku America ankayenda mamita oposa 30 pansi pa madzi ndi dolphin kick poyamba mpikisano wa backstroke wa mamita 100, ndipo Daichi Suzuki wa ku Japan, amene anapambana golide, anagwiritsanso ntchito njira yomweyo. Bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, lomwe panthawiyo linkatchedwa FINA ndipo tsopano ndi World Aquatics, linaika malire a mamita 10, mu 1991 linawakweza kufika mamita 15, ndipo mu 1998 malire a mamita 15 anafikanso ku butterfly ndi freestyle. Lamulo linabwera chifukwa chakuti pansi pa madzi munthu wodziwa amayenda mofulumira kuposa pamwamba. Taganizirani: m'dziwe la mamita 25, pa mpikisano wa mamita 100 wa backstroke, butterfly kapena freestyle, malamulo amakulolani kuyenda mamita 60 pansi pa madzi. Amene anaonera Léon Marchand wa ku France akupambana mendulo zinayi za golide pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024 anaona mmene ankasiyira anzake m'mbuyo akangotembenuka pakhoma lomaliza.

Dolphin kick siyambira m'mawondo. Funde lake limayambira m'munsi mwa chifuwa, kudutsa m'mimba ndi m'chiuno, n'kukatulukira ku zala za kumapazi monga chikwapu, ndipo limamenya mbali zonse ziwiri: mimba imatsogolera kumenya kwa kutsogolo, msana ndi matako zimabweza miyendo kumbuyo. Ambiri amalimba pa kumenya koyambako n'kulekerera kwachiwiri. Kuti muzimve zonse ziwiri, pitani kumalo akuya a dziwe, muime chilili m'madzi manja atapingasa pachifuwa, mumenye dolphin kick masekondi 15 mutu uli pamwamba, mupume masekondi 30, mubwereze ka 6. Mukaona kuti mukusunthira kutsogolo kapena kumbuyo m'malo mokhala pamalo amodzi, ndiye kuti mbali imodzi ikuposa inzake. Mukalimba, tulutsani manja m'madzi. Chitaninso dolphin kick mutagona chagada ndi cham'mbali, mamita 25 ka 8, mawondo osatuluka pamwamba pa madzi. Koma chofunika kuposa zonsezi ndi chizolowezi: khoma lililonse la tsiku lililonse, ngakhale potenthetsa thupi, muchokepo thupi litawongoka, nthiti zitatsika, ndi mamenyedwe osachepera atatu. Pa mamita 1500 m'dziwe la mamita 25 mumatembenuka ka 59, ndipo kutembenuka kulikonse ndi mwayi wophunzitsa thunthu.

Pano ndiyenera kuchenjeza mwamphamvu. Musachite masewera a pansi pa madzi muli nokha, ndipo musapume mofulumira mobwerezabwereza musanamire pofuna kukhalitsa pansi. Kupuma kotero kumachotsa mpweya woipa umene umachenjeza thupi kuti nthawi yopuma yakwana, ndiye munthu amakomoka m'madzi osamva chizindikiro chilichonse. Osambira aluso kwambiri amwalirapo mwa njira imeneyi m'madziwe osaya n'komwe.

Chachisanu ndi chiwiri: za mimba yooneka ndi chakudya

Tsopano tifike pa funso la achinyamata aja. Timagawo ta pamimba aliyense ali nato, chifukwa mnofu wa kutsogolowo unadulidwa mopingasa ndi timitsempha tolimba kuyambira chibadwire. Kuchuluka kwa timagawoto ndi kufanana kwake n'kobadwa nako, ndipo palibe masewera amene angasandutse tinayi kukhala tisanu ndi titatu. Chimene chimachititsa kuti tioneke ndi kukula kwa mnofuwo ndi kuchepa kwa mafuta amene ali pamwamba pake. Masewera a m'mimba amathandiza pa choyambacho, koma sasungunula mafuta a pamimba pokha. Pa kafukufuku wina wa ku America wa mu 2011, anthu amene anachita masewera a m'mimba masiku 5 pa sabata kwa masabata 6 analimbadi minofu, koma mafuta a pamimba pawo sanasinthe. Thupi limachotsa mafuta ponseponse mwa dongosolo lake, ndipo akazi mwachilengedwe amasunga mafuta ambiri kuposa amuna, zomwe n'zofunika pa umoyo wawo.

Apa ndi pamene pali ngozi imene imandidetsa nkhawa kuposa china chilichonse m'nkhaniyi. Wosambira amakhala atavala zochepa pamaso pa anthu tsiku ndi tsiku, ndipo n'kosavuta kuti ayambe kudzimana chakudya. Mu 2014 komiti ya Olimpiki ya padziko lonse inapatsa vutoli dzina lakuti RED-S, kutanthauza kuperewera kwa mphamvu m'thupi la wamasewera amene akudya zochepa poyerekeza ndi ntchito imene akugwira. Zizindikiro zake ndi kutopa kosatha, kudwaladwala chimfine, kusagona bwino, kukwiya msanga, kufooka kwa mafupa, ndipo mwa atsikana, kusiya kapena kudumphadumpha kwa msambo. Kafukufuku wina wa chaka chomwecho anatsatira atsikana aluso osambira kwa masabata 12: amene msambo wawo unasokonezeka chifukwa cha kuperewera kwa mphamvu anatsika liwiro pa mamita 400 ndi pafupifupi 10 peresenti, pamene anzawo anakwera ndi pafupifupi 8 peresenti. Makolo ndi aphunzitsi, mtsikana wamasewera akasiya kupita kumwezi si chizindikiro chakuti akulimbikira. Ndi nkhani yopita nayo kwa dokotala. Ndipo mwana amene akukulabe asauzidwe kuti achepetse thupi ndi munthu amene si wachipatala.

Zoyenera kuchita n'zosavuta kuzimvetsa. Akatswiri a kadyedwe ka amasewera amalangiza magalamu 1.2 mpaka 2 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, ndiye wolemera makilogalamu 60 amafunika magalamu 72 mpaka 120. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya mkaka pafupifupi 8, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15, ndipo usipa, matemba, soya, mtedza ndi nkhuku zimakwaniritsa zotsalazo. Muzigawe pa chakudya chilichonse cha tsikulo m'malo modya zonse madzulo. Zakudya zopatsa mphamvu musaziope. Amene amasambira ola limodzi mpaka atatu patsiku amafunika magalamu 6 mpaka 10 a makabohaidireti (sitachi ndi shuga za m'zakudyazi) pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, ndipo nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, phala ndi nthochi ndi zimene zimakufikitsani kumapeto kwa seti yomaliza chiuno chili pamwamba. Mukatuluka m'madzi idyani kanthu pasanathe ola. Wamkulu amene akufunadi kuchepetsa mafuta ayambe ndi kuchotsa zakumwa zashuga, mowa ndi zokazinga zapamsewu, achite zimenezi pang'onopang'ono m'nyengo imene mipikisano ili kutali, ndipo akaona kuti nthawi zake m'dziwe zayamba kuipa, awonjezere chakudya sabata lomwelo. Ena mwa inu timagawo tidzaoneka pakutha kwa miyezi itatuyi, ena tidzaoneka pang'ono, ena ayi, ndipo zimenezi sizikunena kanthu za amene adzayambe kugunda khoma.

Chomaliza: nthawi yochitira, ululu, ndi kudziyesanso

Masewera opepuka monga dead bug ndi bird dog ndi abwino musanalowe m'madzi chifukwa amadzutsa minofu. Olemetsa aja muwachite mutatuluka m'madzi kapena panthawi ina ya tsiku, chifukwa thunthu lotopa limakuphunzitsani kusambira mokhota. Osambira ambiri amayamba m'mbandakucha, ndiye dziwani kuti timitsamiro tofewa timene tili pakati pa mafupa a msana timadzaza madzi usiku munthu akagona, ndipo m'mawa kwambiri sitifuna kupindidwa mwamphamvu; ola loyamba mutadzuka si nthawi ya masewera opinda msana mpaka kumapeto. Mpikisano waukulu ukatsala masabata awiri, chepetsani maseti ndi theka, musayambe masewera achilendo, ndipo masiku atatu omaliza mungochita otenthetsera thupi okha.

Kuwawa kwa minofu kumene kumabwera mawa lake n'kutha pakapita masiku awiri kapena atatu ndi kwachizolowezi. Koma ululu wobaya pamalo amodzi a msana wa m'munsi, umene umakula mukapindikira kumbuyo, usanyalanyazidwe, makamaka mwa achinyamata osambira butterfly ndi breaststroke, chifukwa kupindikira kumbuyo mobwerezabwereza kungathe kung'alula kafupa ka msana. Ululu wotsikira m'mwendo, dzanzi, kapena ululu umene wapitirira masabata awiri, zonsezi zikufuna dokotala kapena katswiri wa mafizo musanapitirize.

Sabata la 12 likatha, pumani masiku awiri, mutsegule kope lija, mubwereze mayeso anayi aja panthawi yofanana ya tsiku ndi m'dziwe lomwelo. Ngati nthawi ya plank yakwera, mbali ziwiri zayandikana, ndipo dzanja la mnzanu silikulowanso pansi pa msana, koma nthawi ya mamita 15 pansi pa madzi sinasinthe, vuto lili pa gawo lachisanu ndi chimodzi: chepetsani masewera a pamtunda kukhala kawiri pa sabata, ndipo nthawi yotsalayo muipereke ku dolphin kick yoimirira ndi ku makoma. Onaninso akakolo, pakuti mapazi ouma amataya funde lonse limene thunthu latumiza. Ngati nthawi yatsika koma mamenyedwe achuluka kwambiri, mukumenya ndi mawondo, ndipo pemphani mnzanu akujambuleni ndi foni kuchokera m'mbali mwa dziwe kuti muone pamene funde lanu likuyambira.